Mafunso ndi mayankho: kupanga nyambo za pulasitiki yofewa pakhomo

Owedza ndi mbedza a ku Senga Bay, Chipoka, Lifuwu, Chia mpaka ku Dwangwa akumaziona nyambo izi m'manja mwa alendo ndi anzawo ochokera m'tauni: tinsomba tofewa, tonyezimira, ta mchira wogwedezeka tikamakokedwa m'madzi. Zogula n'zodula, ndipo ncheni sizichedwa kuzing'amba. Kupanga nokha n'kotheka ndithu. Mukamawerenga muona kuti mayankho ambiri akubwerera pa zinthu ziwiri, moto ndi chinyezi, chifukwa ndi pomwe ntchitoyi imakomera kapena kuwonongekera.

Kodi nyambozi amapangira pulasitiki yanji?

Amapangira plastisol. Imabwera ili yamadzimadzi, yoyera, ndipo mkati mwake muli zinthu ziwiri: ufa wosalala kwambiri wa pulasitiki yotchedwa PVC ndi mafuta ofewetsa. Ikakhala yozizira, ufawo umangoyandama m'mafutamo osasungunuka. Ikatenthedwa kufika madigiri 175 mpaka 177 a Celsius, ufa umamwa mafuta, ziwirizi n'kusanduka chinthu chimodzi choonekera mkati. Ikazizira imagwirana n'kukhala yofewa ndi yotamuka. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuisungunulanso, choncho nyambo yolakwika siyotaya.

Pogula tchulani kuti mukufuna yopangira nyambo za nsomba. Osindikiza malaya nawonso ali ndi inki yomwe amaitcha plastisol, koma ndi yolimba, ili kale ndi utoto, ndipo singathiridwe m'chikombole.

Nanga sindingasungunule mabotolo, majumbo, patapata kapena paipi ya madzi?

Ayi. Mabotolo a zakumwa, zigubu ndi majumbo ndi mitundu ina ya pulasitiki, ndipo ikazizira imauma gwa. Paipi ya madzi ndi PVC ndithu, koma ilibe mafuta ofewetsa aja. Pamoto imangopserera n'kutulutsa utsi woopsa pachifuwa. Patapata naye sasungunuka kukhala chothira. Chokhacho chakale chomwe chimalowa mumphika ndi nyambo zofewa zomwe zinang'ambika.

Ndiipeza kuti, ndipo ndigule yochuluka bwanji?

Si katundu wa m'hadiweya wamba. Njira yake n'kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma amene amapita ku South Africa, komwe kuli masitolo a zowedzera omwe amagulitsanso utoto ndi zikombole. Imagulitsidwa m'magawo: yofewa kwambiri, yapakati ndi yolimba. Kuno tengani yapakati. Yofewa kwambiri imavina bwino m'madzi, koma ndi kutentha kwa kunyanja kuno komanso mano a ncheni sikhalitsa pa mbedza.

Kansomba ka masentimita 7 mpaka 8 kamadya mamililita pafupifupi 5. Ndiye kuti lita imodzi, mutachotserako yotsalira m'kapu ndi yotayikira, ikupatsani tinsomba toposa 150. Poyamba lita imodzi ndi yokwana. Pamodzi nayo gulani kabotolo ka heat stabilizer, mankhwala oteteza kuti isapserere, chifukwa wophunzira amabwezera kapu pamoto kangapo.

Ndi zida ziti zomwe sindingachitire mwina?

Choyamba ndi themomita ya kukhitchini yokhala ndi chitsulo cholowetsa mkati, yofika madigiri 200 kapena kupitirira. Ngati ndalama zikuchepa, chepetsani kwina koma osati apa. Diso limanama: pulasitiki imaoneka yapsa isanafike, kapena imaoneka bwinobwino itapitirira kale. Themomita yongolozetsa patali imayeza pamwamba pokha, pomwe pakati pamakhala potentha kuposa.

Kenako kapu yagalasi yosasweka ndi moto monga ya Pyrex, ya mlomo wothirira, ngati muli ndi mayikulowevu. Kapena kapoto kokhuthala pansi ngati mukuphikira pa mbaula. Chotakasira chikhale chachitsulo, mpeni wopakira majarini kapena mpini wa supuni. Mthiko kapena kamtengo ayi, chifukwa mtengo umasunga chinyezi ndipo umadzaza pulasitiki ndi thovu. Magolovesi achikopa, magalasi oteteza maso, malaya a mikono yaitali, buluku ndi nsapato zotseka. Beseni la madzi ozizira likhale patali pang'ono ndi pothirira.

Chida chilichonse chomwe chakhudza plastisol chisabwererenso kukhitchini. Mayikulowevu yophikira nyambo isatenthetsenso chakudya.

Ndilibe mayikulowevu, ndipo magetsi amazimazima. Mbaula ingagwire ntchito?

Ingagwire, koma ikufuna kudekha. Vuto la makala n'lakuti amatentha pansi pa poto kwambiri pomwe pamwamba pakadali pozizira, ndiye pansi pamapserera pamwamba pasanasinthe n'komwe. Chitani chonchi: dikirani makala asiye lawi, agwire phulusa. Ikani chiwaya chakale pa mbaula, muthiremo mchenga wouma wokhuthala masentimita awiri, kapoto ka plastisol kakhale pamchengapo. Mchenga umagawa kutentha mofanana. Uyambe watentha kaye wokha kwa mphindi zingapo kuti chinyezi chake chichoke, makamaka ngati mwautapa kugombe.

Takasani osasiya, mpeni uzikanda pansi ndi m'mbali. Mamililita 120 amatenga mphindi 10 mpaka 15. Themomita ikafika pa 170 chotsani kapoto, chifukwa chitsulo chimapitiriza kutenthetsa ngakhale chitachoka pamoto.

Ena amafunsa zoika kapoto m'madzi owira. Sizingatheke. Madzi sapitirira madigiri 100, ndipo nthunzi yake ndi mdani wa ntchitoyi. Hotipuleti kapena gasi wa moto wochepa ndi wosavuta kulamulira kuposa makala.

Kaphikidwe kake kamayenda bwanji?

Yambani ndi kukhutchumula botolo mwamphamvu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ufa wa PVC umadikha pansi botolo likakhala, nthawi zina n'kugwirana kolimba. Lowetsani waya kapena kachitsulo mukande pansi kuti mutsimikize. Mukathira osakhutchumula mumatenga mafuta okhaokha, nyambo zoyamba zimatuluka zonanda, ndipo zomaliza za m'botolo lomwelo zimadzatuluka zolimba kwambiri. Mukakhutchumula lisiyeni mphindi khumi kuti mpweya ukwere.

Yesani mamililita 120, omwe ndi theka la kapu. Mu mayikulowevu tenthetsani mphindi imodzi, tulutsani, takasani, kenako muzibwezera masekondi 20 mpaka 30 uku mukutakasa pakati pake. Mphamvu za mayikulowevu zimasiyana, choncho khulupirirani themomita, osati wotchi.

Muona masinthidwe atatu. Poyamba ndi yoyera ngati mkaka. Kenako imakhuthala zedi n'kumamatirira ku mpeni m'mabuma, ndipo apa ndi pomwe oyamba kumene amaganiza kuti yawonongeka, ena n'kuitaya, ena n'kuthira momwemo. Pitirizani. Ikadutsa pamenepo imasungunukanso, imaonekera mkati, ndipo imayenderera pa mpeni mosaduka. Yezani pakati pa kapu mutatakasa. Iyenera kufika 175 mpaka 177 kamodzi kokha. Ikapanda kufika, ufa wina umatsala wosamwa mafuta, nyambo imakhala yachimbuuzi, yothothoka msanga ndi yotuluka mafuta.

Ikapsa thirani utoto ndi zonyezimira, takasani pang'onopang'ono, muisiye itsike kufika madigiri 155 mpaka 165. Apo ndiye pothirira. Pobwezera pamoto sikufunikanso kufika 177. Ikapitirira 190 imayamba chikasu, kenako yofiirira, kenako utsi wolasa m'mphuno. Yapserera sibwerera. Isiyeni panja izizire, muitaye.

Chikombole ndipanga bwanji?

Chotsika mtengo ndi cha plaster of Paris, ufa woyera uja amamangira chikhakha munthu akathyoka. Yambani ndi chikombole cha mbali imodzi, chotsegula pamwamba. Nyambo yake imakhala yafulati mbali imodzi, koma nsomba sizisankha zimenezo.

Muyenera kukhala ndi chitsanzo. Mukhoza kugwiritsa nyambo yogula, kapena kusema kansomba pa mtengo wofewa, sopo kapena kandulo. Chamtengo chisalazeni ndi sandipepa n'kuchipaka vanishi, chifukwa kakanda kalikonse kadzaoneka pa nyambo zonse. Msana wake ukhale wafulati. Matani msanawo pansi pa kontena ya majarini kapena pa tailosi yotchingidwa ndi katoni m'mbali, mimba iloze kumwamba. Siyani sentimita imodzi ndi theka pakati pa zitsanzo komanso kuchokera kukhoma. Pakani Vaseline wochepa kwambiri ndi kaburashi.

Sakanizani magawo awiri a ufa ndi gawo limodzi la madzi, pothira ufa m'madzi osati madzi mu ufa. Thirani pang'ono koyamba, mupake ndi kaburashi kuzungulira mchira kuti pasatsale mpweya, kenako dzazani mpaka kukwirira zitsanzo ndi masentimita awiri. Gogodani tebulo kuti thovu likwere. Pakatha mphindi 30 mpaka 45 chikhala chitalimba. Chotsani kontena, zulani zitsanzo mosamala, palani m'mphepete mwakuthwa ndi kampeni.

Tsopano pofunika kupirira. Chikombole cholimba si chouma. Mkati mumakhala madzi ambiri, ndipo pulasitiki ya madigiri 160 ikawakhudza amasanduka nthunzi. Chiyanikeni padzuwa masiku atatu mpaka asanu m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. M'dzinja, mpweya wa kunyanja utadzala chinyezi, chimafuna sabata kapena kuposa. Chigunditseni patsaya: chikamazizira ndiye kuti madzi akadalimo. Ngati muli ndi sikelo ya kukhitchini, chiyezeni tsiku ndi tsiku mpaka kulemera kusiye kutsika.

Chikauma chimafunika kutsekedwa timabowo. Sakanizani guluu woyera wa akalipentala ndi madzi muyezo wofanana, pakani kawiri kapena katatu, uku mukudikira kuti aume bwinobwino musanapakenso. Musalole guluu kudikha mumchira, amakwirira maonekedwe. Guluu wa epoxy wosungunula ndi sipiriti pang'ono amakhalitsa kuposa ndipo amatulutsa nyambo yowala. Chikombole chosatsekedwa chimatulutsa nyambo yothimbirira, yodzala timabowo.

Ndamva kuti silikoni wa m'hadiweya amapanganso chikombole. N'zoona?

N'zoona, bola akhale wa mtundu wonunkha viniga. Yekha amachedwa kuuma mkati, ndiye amamusakaniza ndi sitachi muyezo pafupifupi wofanana mpaka akhale chibuma chosamata m'manja. Ku Nkhotakota sitachi savuta: perani chinangwa chachiwisi, sefani m'madzi pa nsalu, madziwo adikhe, tsanulani, choyera chotsala pansi muchiyanike chiume. Kandani msanga mutavala magolovesi, kanikizani pa chitsanzo, ndipo pasanathe ola chimakhala chitagwira. Chisiyeni masiku awiri kuti fungo ndi chinyezi zithe.

Chikombole chotere chimapindika, choncho mchira umatuluka osaduka, ndipo sichisweka chikagwa. Kuipa kwake n'kwakuti chimasunga kutentha, nyambo imachedwa kuzizira, komanso sichitulutsa mizere yaing'onoing'ono bwino ngati silikoni weniweni wa zikombole wosakaniza magawo awiri.

Nyambo yabwino ya nyanja yathu ikhale yooneka bwanji?

Tsanzirani usipa. Ndiwo chakudya cha ncheni ndi nsomba zambiri zodya zinzake m'nyanja ya Malawi. Thupi lowonda, lalitali masentimita 6 mpaka 9, mimba yasiliva, msana woderapo. Osalikulitsa mimba.

Chimene chimagwira nsomba ndi mchira. Kumapeto kukhale kambale kozungulira, kotambalala milimita 10 mpaka 12, kopingasa njira yomwe nyambo ikulowera. Madzi akamakankha kambaleko, mchira umapita uku ndi uku. Kuti zitheke, khosi la mchira liyenera kuwonda, milimita itatu kapena inayi. Likanenepa nyambo imangobwera njo, osagwedezeka. Likawonda kwambiri limaduka nsomba ikangoluma kamodzi. Musanapange zambiri, thirani imodzi, muimange pa mbedza, muikoke m'madzi osaya mukuiona. Iyenera kuyamba kuvina ngakhale mukukoka pang'onopang'ono. Ikafuna liwiro kuti igwedezeke, bwererani ku chitsanzo mukaonjole khosi kapena kukulitsa kambale.

Ya m'mabango ndi m'matamanda, monga ku Chia, chikombole cha nyongolotsi ya masentimita 10 n'chosavuta kusema ndipo chimathirika bwino.

Utoto, zonyezimira ndi mchere ndithire wochuluka bwanji?

Utoto weniweni wa plastisol ndi wamphamvu. Pa mamililita 120 yambani ndi madontho atatu mpaka asanu, donthezani pang'ono pa tailosi yoyera muone, kenako onjezerani. M'kapu mtundu umaoneka wakuda kuposa momwe udzaonekere pa nyambo. M'madzi oyera a nthawi ya chilimwe, nyambo yoonekera mkati yokhala ndi siliva pang'ono imaposa yopakidwa kwambiri. Pamathiriro a Linthipe kapena Bua nthawi ya mvula, madzi atafiira ndi matope, yoyera kwambiri, yachikasu chowala kapena yakuda bii ndi yomwe imaoneka.

Utoto uliwonse wosungunulira madzi, kaya wa chakudya kaya penti wa nyumba, usayandikire kapu yotentha. Ngati weniweni wasowa, ufa wonyezimira wophodera zikope umapereka kuwala kwa mamba, ndipo kachidutswa ka choko chamafuta chojambulira kamasungunuka n'kupereka mtundu, ngakhale mitundu ina imasuluka.

Zonyezimira kotala la supuni ya tiyi n'zokwana. Zikhale zopirira moto. Zokongoletsera makadi zimapindika kapena kusungunuka n'kuda pulasitiki yonse, ndipo zachitsulo zimathetheka mu mayikulowevu. Yesani katsinidwe kamodzi kaye.

Mchere umalemeretsa nyambo kuti imire ndipo nsomba imachedwa kuilavula. Koma umaifooketsa ndi kuichititsa chimbuuzi. Pa kansomba ka mchira wovina sitikulangizani kuthira. Pa nyongolotsi thirani supuni imodzi yaikulu pa mamililita 120, wopera kwambiri, mutaukazinga kaye pa chiwaya kuti uume. Mchere wa kunyanja kuno umayamwa chinyezi ngakhale uli m'paketi.

Kathiridwe kake?

Chikombole chikhale pamalo osapendekeka, chouma, chofunda. Kuchiika padzuwa kwa kanthawi kumathandiza. Tsitsani mlomo wa kapu pafupi, yambirani kumchira komwe n'kopyapyala, kamtsinje kakhale kakang'ono kosaduka, muzibwera chakumutu. Dzazani mpaka itukumuke pang'ono, chifukwa ikamazizira imaphwa. Dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu, zulani kuyambira kumutu, ponyani m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi khumi. Pukutani manja musanagwirenso kapu.

Ya mitundu iwiri imafuna makapu awiri otentha nthawi imodzi. Thirani wa kumimba mpaka theka, dikirani masekondi 20 mpaka 40 kuti pamwamba pagwire kakhungu, thirani wa kumsana uli wotentha bwino. Mukafulumira mitundu imasakanikirana. Mukachedwa magawo awiriwo sagwirana ndipo amasendeka nsomba ikaluma.

Zikombole za mbali ziwiri zimafuna chopopera chachitsulo chopangidwira ntchitoyi. Jakisoni wa pulasitiki wa kuchipatala amafewa ndi kutentha, n'kukuthirani pulasitiki yamoto m'manja. Musayese.

Nyambo zanga zikutuluka ndi thovu. Chalakwika n'chiyani?

Onani pomwe thovulo lili. Likakhala pakhungu la nyambo, mbali yokhudza chikombole, ndiye kuti chikombole sichinaume kapena sichinatsekedwe bwino. Likakhala mkati monse, ting'onoting'ono, ndi chinyezi cha m'plastisol momwe, mumchere kapena pa chotakasira, apo ayi mwatakasa mwamphamvu n'kulowetsa mpweya. Ikapsa isiyeni mphindi imodzi kapena ziwiri, thovu likwere, muliwaule ndi supuni. Botolo lizikhala lotseka nthawi zonse, makamaka m'dzinja.

Nanga zina zomwe zimavuta?

Nyambo yonanda, yotuluka mafuta ngakhale patapita masiku: simunakhutchumule botolo kapena simunafike 175. Isungunuleninso pamodzi ndi ina yatsopano, muifikitse.

Mchira wosadzaza: pulasitiki inazizira kapena chikombole chinali chozizira. Nyengo ya mwera, mu Juni ndi Julaye, mphepo imaziziritsa kapu msanga kwambiri, ndiye tchingani pothirira ndipo muziphika pang'onopang'ono.

Zonyezimira zonse zadikha kumimba: munathira ikadali yotentha kwambiri, ili yamadzimadzi. Dikirani itsike kufika cha m'ma 155, mutakase kamodzi musanathire.

Kadzenje pamsana: kuphwa kuja. Onjezerani dontho pamwamba isanagwire.

Yoyera yasanduka yachikasu: mwaibwezera pamoto kambiri kapena moto unakula. Madontho asanu mpaka khumi a heat stabilizer pa theka la kapu amathandiza, koma sabweza yomwe yapserera kale. Yachikasu pang'ono ithireni utoto wakuda ipange nyongolotsi.

Yolimba kwambiri kapena yofewa kwambiri: pali mankhwala ofewetsa ndi olimbitsa ogulitsidwa padera. Onjezerani supuni imodzi ya tiyi pa mamililita 120, muyese, musanaonjezerenso. Olimbitsa amathiridwa plastisol ikadali yozizira, chifukwa nawo amafunika kupsa.

Zakale zong'ambika ndingazisungunule bwanji?

Zitsukeni ndi sopo, chotsani mbedza, maso ndi guluu, ziyanikeni masiku awiri. Zomwe zinali ndi mchere zimamwa madzi, ndiye zimafuna nthawi yotalikirapo. Ziduleni tizidutswa tating'ono, sankhani mitundu yofanana, thirani plastisol yatsopano gawo limodzi pa magawo atatu a zakale, ndi madontho a heat stabilizer. Mitundu yonse ikasakanizidwa imatulutsa yofiirira yoderapo, yomwe ndi yabwinobe pa nyongolotsi.

Pali nyambo zina zogula zomwe si za PVC. Zimatamuka kutalika kwambiri osaduka ndipo zimayandama. Zimenezi musaziike mumphika, ndiponso musazisunge thumba limodzi ndi zanu, chifukwa zikakhudzana zimasungunulana n'kukhala chiphalaphala.

Kodi ntchitoyi ndi yoopsa?

Inde, ndipo tisabise. Pulasitiki ya madigiri 170 ndi yotentha kuposa madzi owira, ndipo ikagwera pakhungu imamatirira n'kupitiriza kuwotcha. Dontho limodzi la madzi, ngakhale thukuta lochokera pamphumi, likagwera m'kapu limaphulika n'kumwaza pulasitiki kumaso. N'chifukwa chake beseni limakhala patali ndipo magalasi savulidwa.

Gwirirani ntchito panja kapena pakhonde lopita mphepo, mphepo izichokera kumsana kwanu. PVC ikapserera imatulutsa mpweya wa asidi womwe umawotcha m'maso, pakhosi ndi m'mapapo. Kansalu kotchinga fumbi sikauletsa. Ana, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu asakhale pafupi. Pulasitiki ikagwira moto vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo kapena mchenga wouma, osathira madzi.

Mukapsa, ikani malowo m'madzi ozizira aukhondo nthawi yomweyo kwa mphindi 20. Musamatule pulasitiki mokakamiza. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala likakhala kumaso, pa zala, polumikizira mafupa, kapena lalikulu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndizisunga bwanji zikatha?

Zikachoka m'madzi zigonekeni mowongoka pa tailosi kapena galasi, pamthunzi, kwa tsiku lathunthu kapena awiri. Pa nthawiyi zimamaliza kulimba, ndipo mchira ukapindika pamenepa suwongokanso wokha. Wopindika kale uviikeni m'madzi owira masekondi 20, muugoneke mowongoka uzizire.

Sungani mtundu uliwonse m'kathumba kake, chifukwa yofiira ndi yachikasu zimadetsa zoyera. Madontho awiri a mafuta ofewetsa aja m'thumba amaletsa kumatana. Mafuta ophikira amavunda, musathire. Bokosi la pulasitiki yolimba yowala ngati galasi limadyeka zikakhudzana ndi nyambozi. La nambala 5 pansi pake silidyeka. M'bwato ziphimbeni, dzuwa lisaziwombe.

Maso omata ndi supaguluu amakhala bwino. Kadontho ka cholembera chosafufutika kamagwira ntchito tsiku limenelo, koma inki imayenderera m'thupi lonse pakapita masiku.

Ndiimanga bwanji pa mbedza?

Yabwino ndi mbedza yokhala ndi mutu wa mtovu, yomwe m'masitolo amati jig head. Pa kansomba ka masentimita 7 mpaka 8, mbedza ya saizi 1/0 kapena 2/0 imakwana. Kulemera kwa mutu: magalamu 5 mpaka 7 m'madzi osaya, 10 mpaka 14 pa mamita asanu mpaka khumi, 20 kapena kuposa pakuya kapena mphepo ikamakankha bwato. Yezani mbedza pambali pa nyambo muone pomwe idzatulukire, lowetsani pakati penipeni pa mutu wa nyambo, itulukire pamsana. Ikakhota ngakhale pang'ono nyambo imazungulira n'kupota chingwe. Dontho la supaguluu pamutu limailetsa kutsetsereka.

Jig head ikasowa, lowetsani kamtovu kozungulira pa chingwe kuti kagunde pamutu pa mbedza wamba ya mpini wautali. Zoswa mabatire akale kuti mupeze mtovu zilekeni. Muli asidi, ndipo fumbi la mtovu limawononga ubongo wa ana. Mukagwira mtovu sambani m'manja musanadye, ndipo osauluma ndi mano.

Ndi nsomba ziti zomwe zimadya nyambozi? Chambo?

Chambo ayi. Chimadya tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi, sichithamangitsa nsomba inzake. Zomwe zimaluma ndi ncheni, sungwa m'mbali mwa mabango ndi udzu wa m'madzi, nsomba zina zolusa za m'miyala, komanso mpasa ndi sanjika. Kampango ndi mlamba amatha kuluma nyambo yogwedezedwa pafupi ndi pansi m'bandakucha kapena chakumadzulo, koma iwo amasaka kwambiri ndi fungo, choncho usipa weniweni umawakopa kuposa pulasitiki. Kupaka nyambo usipa wophwanya musanaponye kumathandizako.

Dziwani kuti nyamboyi imagwira ikamayenda basi. Pa chingwe cha mbedza zambiri chotchera usiku singalowe m'malo mwa usipa. Wopanda ndodo ndi chokulungira asadandaule: itsitseni ndi chingwe cha m'manja mpaka igunde pansi, muzikweza ndi kutsitsa mkono, kapena ikokeni kumbuyo kwa bwato mamita 20 mpaka 30 mukupalasa pang'onopang'ono. Nthawi zambiri nsomba imaluma nyambo ikamatsika, ndiye chingwe chisalendewere.

Pali malo omwe sindiyenera kuponya?

Alipo. Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili m'dera la Lake Malawi National Park, ndipo madzi a mamita 100 kuchokera kugombe lake ndi otetezedwa. Ku chilumba cha Mbenji usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja motsatira malamulo a mfumu yaikulu Makanjira ndi komiti yake, ndipo mlendo amatsata zomwe eni ake amatsata. Mtsinje wa Bua, pomwe ukudutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, suwedzedwa popanda chilolezo cha oyang'anira. Mpasa amakwera mumtsinjewu kukaswana ndipo achepa kwambiri. Mukakola wa mazira, m'bwezereni m'madzi. Za ziphaso ndi nyengo zotseka funsani ku ofesi ya zausodzi ya boma lanu kapena komiti ya padoko.

Pamathiriro ndi ku Chia kuli ng'ona ndi mvuu. Nyambo ikakodwa m'bango, musalowe m'madzi kukaikola.

Nyambo zong'ambika musaponye m'nyanja. Siziwola, ndipo nsomba ikameza imakhala nayo m'mimba. Khalani ndi kachitini m'bwato, zibwerere mumphika.

Ncheni zikungodula mchira osakodwa. Nditani?

Zimachitika chifukwa ncheni imaluma kuchokera kumbuyo pomwe mbedza ili kutsogolo. Yambani ndi kufupikitsa nyambo: dulani sentimita imodzi kumutu kuti mbedza iyandikire kumchira. Zikapitirira, mangani kambedza kachiwiri kakang'ono pa kachingwe ka nayiloni ka masentimita atatu kapena anayi kuchokera pa diso la mbedza yaikulu, mukabaye pang'ono pamsana, kutsogolo kwa khosi la mchira. Kakapitirira pamenepo mchira umasiya kuvina. Pophika ulendo wotsatira onjezerani supuni imodzi ya tiyi ya mankhwala olimbitsa, ndipo mchere musathire. Chingwe cha kumapeto chikhale nayiloni wa mamilimita 0.35 mpaka 0.40, ndipo muzichipapasa ndi zala nsomba iliyonse ikatuluka. Chikakhakhala, dulani pamenepo mumangenso.